Kalendala ya kwathu ili pa masamba

Tsegulani foni yanu muone zithunzi zimene mwasunga. Ndikhulupirira kuti mupezamo nkhope yanu kambirimbiri, ukwati wa msuweni, notsi za m'kalasi zomwe munajambula pothawa kukopera, mwinanso mbale ya tchipisi ya tsiku limene kunyumba anatumiza ndalama. Koma mwa zithunzi zonsezo, chilipo chimodzi cha duwa la mtedza? Ambirife tinakula ndi mtedza. Tinaupalira, tinaukumba, tinauthothola mpaka zala kuwawa, ndipo ena fizi yathu inatuluka m'matumba ake. Nanga wina atatifunsa kuti duwa lake ndi lamtundu wanji, ndipo limakhala masiku angati lisanafote, ndi angati tingayankhe?

Ine kwathu ndi ku Kabudula, kufupi ndi Nsaru. Popeza si kutali kwenikweni ndi tauni, kumapeto a sabata ambiri ndimapita kumudzi, ndipo kuyambira 2023 ndakhala ndikujambula zomera moyandikira kwambiri: maluwa, mphukira, njere, ubweya wa pamasamba. Ndimagwiritsa ntchito foni wamba ndi kagalasi kokulitsa zinthu kamene amakapanitsa pa kamera. Anzanga ena amati izi ndi za azungu opuma pantchito, osowa chochita. Ine ndikuti ayi. Mudzi uliwonse kwathu unali ndi kalendala yolembedwa pa mitengo ndi pa udzu. Oiwerenga akutha, mitengo yakenso ikutha, ndipo ife amene tili ndi kamera m'thumba ndi amene tingaikopere isanafufutike.

Chaka cha zomera sichiyamba mu Januwale. Kwathu chimayamba mu Sepitembala ndi Okutobala, tchire litapsa, fumbi lili koboo, dzuwa likuswa mtengo. Nthawi imeneyi, mvula isanagwe ngakhale dontho, mombo umatulutsa masamba atsopano ofiira. Ukaima patali umangoona mtengo wofiirira. Ukayandikira umaona kuti masambawo ndi ofewa, onyezimira ngati apakidwa mafuta, ali lende ngati sanadzuke bwino, ndipo pakangopita masiku owerengeka amalimba n'kubiriwira. Mtengowo umatha kuchita zimenezi m'chilimwe chifukwa mizu yake imafika pansi pomwe pali chinyezi, komanso uli ndi chakudya chimene unasunga dzinja lapitalo. Agogo anga aakazi akaona kufiira kumeneku sadikira wailesi. Amati amene sanamalize kugalauza mizere achite changu. Ikadzagwa chizimalupsa, mphukira zobiriwira zimaboola phulusa lakuda, ndipo chithunzi cha kamphukira kamodzi pakati pa lupsa chimanena zambiri za nyengoyo kuposa chithunzi cha thambo lonse.

Dzinja likafika, mtengo umodzi umachita zosiyana ndi anzake. Msangu umayoyola masamba pamene mitengo ina yonse ikuvala, n'kudzavala pamene inzake ikuvula. M'munda mwa atsibweni anga muli msangu waukulu, ndipo ndaujambula nthambi imodzimodziyo mwezi ndi mwezi. Mu Januwale pamaoneka minga yokhayokha, iwiriiwiri. Mvula ikatha pamabwera timasamba ting'onoting'ono tondondozana ngati nthenga, kenako maluwa otuwira, kenako nyemba zopotana zofiirira zimene mbuzi zimalimbirana m'chilimwe. Ukaika zithunzi khumi ndi ziwirizo pamzere, sufunikanso munthu wokufotokozera chifukwa chake chimanga cha pansi pa msangu chimakondwa. Mtengowo sutchinga dzuwa nthawi imene chimanga chikulifuna, ndipo masamba amene unagwetsa amasanduka manyowa pomwepo.

Duwa la mtedza ndi lachikasu, laling'ono, lobisala m'munsi mwa masamba. Limatseguka m'mawa, ndipo tsiku lomwelo limafota. Pakapita masiku, pamalo pa duwalo pamatuluka kanthu konga singano kamene kamaloza pansi, n'kuboola nthaka, ndipo nsonga yake ndi imene imatupa kukhala mtedza. Mtedza, kaya ndi Chalimbana kaya CG7, umachita maluwa kumwamba n'kukabereka pansi. Munthu amene waona kasingano kameneka ndi maso ake amamvetsa chifukwa chake akuluakulu amaletsa kupalira ndi khasu mwachisawawa mtedza ukayamba maluwa, ndipo amangozula udzu ndi manja.

Chimanganso chili ndi chinsinsi chake. Ndevu iliyonse imene imatuluka pansonga imalumikizana ndi njere imodzi, ndipo njereyo imakula pokhapokha ufa wochokera ku ngayaye utagwera pa ndevu yakeyo. Mu Febuluwale 2024 mvula inadula kwathu pamene chimanga chinali kumasula. Ndili ndi zithunzi za ndevu zouma ngati ulusi wowauka, ndipo ndili ndi zithunzi za chimanga cha m'mizere yomweyo pokolola, chamagweru ngati kamwa la nkhalamba. Pa 23 Malichi chaka chomwecho Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwidwa ndi ngozi chifukwa cha El Niño. Chilengezocho chinali cha dziko lonse, koma momwe njala imayambira, njere imodziimodzi, zinaoneka pa ndevu zija milungu ingapo m'mbuyo mwake.

Chomera chimene chimandivutitsa maganizo kwambiri ndi kaufiti. Ndikaika chithunzi chake pa WhatsApp popanda kulemba dzina, anzanga a m'tauni amandifunsa komwe angagule mbewu yake kuti akabzale pakhomo. Kunena zoona ndi duwa lokongola: lofiira ngati magazi, lalifupi, pakati pake pachikasu, tsinde lake lili ndi tiubweya tokhakhala. Komatu dzina limenelo makolo sanalipereke mwangozi. Njere za kaufiti ndi zazing'ono ngati fumbi, chomera chimodzi chimabala zikwizikwi, ndipo zimatha kugona m'nthaka zaka zoposa khumi. Zimadzuka zikamva timadzi timene mizu ya chimanga imatulutsa, n'kudziphatika ku mizuyo, n'kuyamba kuyamwa. Pamene duwa likuoneka pamwamba mu Febuluwale kapena Malichi, chimanga chimakhala chitapinimbira kale. Kaufiti amakonda nthaka yoguga, imene yalimidwa chimanga chaka ndi chaka popanda kasinthasintha. Choncho chithunzi cha kaufiti m'munda wakutiwakuti ndi umboni wa momwe nthaka ya pamenepo yatopera. Ndikagwada kumujambula ndimakhala ndi mitima iwiri, koma ndikatha ndimamuzula asanagwetse njere. Kamera yandiphunzitsa kuti kukongola kwa chinthu sikundiuza ngati chili chabwino, ndiyenera kufunsa amene amalima pamenepo.

Zimachitikanso mosemphana. Zomera zambiri zimene buku la zaulimi limazitcha udzu, amayi anga amazitcha ndiwo. Luni ali ndi masamba asanu otambasuka ngati chikhatho ndi maluwa oyera okhala ndi tindevu titalititali ngati ta mphaka. Denje ali ndi timaluwa tachikasu tosaposa njere ya mphodza. Chisoso chimene chimatikwiyitsa chikamatirira pa sokosi, ukachikulitsa umaona kuti njere iliyonse ili ndi timinga pansonga, ndipo timingato tili ndi timano toloza m'mbuyo ngati mbedza. Ndi momwe chimayendera, pa miyendo yathu ndi pa ubweya wa agalu. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, ndiwo zimenezi ndi bonongwe ndi zomwe zimagwira mabanja ambiri, ndipo zina zimafutsidwa n'kusungidwa m'chikwatu kudikira chilimwe.

Masika akafika, aliyense woyenda pa msewu wa Mchinji, kudutsa pa Mpingu, Msundwe mpaka Namitete, amaona deliya atayala chikasu m'mphepete. Ambiri timamuona ngati wakwathu, chonsecho anachokera ku Mexico ndi maiko oyandikana nako. Pakati pa duwa lake, pamene patali pamaoneka ngati batani limodzi, pali timaluwa tambirimbiri, kalikonse kodziimira pakokha, ndipo njuchi imatiyendera kamodzikamodzi ngati wogula pamsika. Nthawi yomweyi chitedze chimakhwima m'zitsamba. Ndafunsapo anzanga angapo a kukoleji za chitedze, ndipo ambiri amangodziwa siteji ya minibasi ndi malo a kafukufuku wa zaulimi. Sadziwa kuti palinso chomera choyanga cha dzina lomwelo, chimene nyemba zake zavala ubweya wonyezimira ngati golide, woyabwa moti munthu wamkulu amatha kuvula malaya pagulu. Chimenechi ndimachijambula nditaona kaye komwe mphepo ikulowera.

M'chisanu, Juni ndi Julayi, dziko limaoneka ngati lagona. Koma ndi nthawi imene mame amakhalitsa pa tsekera, kadontho kalikonse katanyamula chithunzi cha mudzi chozondoka. Chisanu chikamatha mango amachita maluwa, timaluwa tosawerengeka pa phata limodzi, ndipo tochepa chabe ndi timene timasanduka zipatso. Kudimba anthu amayamba kukonza nazale za fodya. Fodyayu ali ndi duwa lotuwira mofiirira, lalitali ngati lipenga, koma ana ambiri a alimi a fodya sanalione bwinobwino chifukwa mlimi amadula mutu kuti mphamvu ipite ku masamba. Ndikalijambula ndimakumbukira kuti mbewu imeneyi, imene yaphunzitsa ana ambiri a ku Kabudula ndi Nambuma, ndi yomwenso yadya mitengo yambiri ya zigafa. Kuwonjezera nkhuni, makala, uvuni wa njerwa ndi minda yatsopano, n'chifukwa chake msuku, mlombwa ndi muwanga masiku ano timachita kuzifunafuna.

Tsopano ndiyankhe amene amati zonsezi n'zamasewera. Tsiku lina atsibweni anandipeza nditagwada m'mizere, foni ili pafupi kukhudza duwa la dzungu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Kodi mphwanga, kusukulu kuja akukuphunzitsani zogwadira udzu? Maluwa sadyedwa." Amayi, amene anali kuthyola nkhwani chapafupi, anawayankha asanatembenuke n'komwe: "Achimwene, nanga chiluwe munadya dzulo chija chinali nyama?" Tinaseka tonse. Amayi amadziwa kusiyanitsa duwa lalimuna la dzungu ndi lalikazi, lija lokhala ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake, ndipo amathyola aamuna okha, n'kusiyako ena oti njuchi zitengepo ufa. Sanawerenge zimenezi m'buku. Anaziona poyang'anitsitsa zaka zambiri.

Komabe funso la atsibweni ndi lomveka, ndipo sindilipeputsa. M'dera limene anthu akudandaula mtengo wa feteleza, mnyamata wojambula maluwa amaoneka ngati wakhuta. Yankho langa loyamba ndi lakuti chithunzi choyandikira chimagwira ntchito lero lomwe. Mbozi za ntchemberezandonda zitavuta m'dziko muno, mpaka Pulezidenti Peter Mutharika kulengeza za ngozi mu Disembala 2017, alimi ambiri ankazisokoneza ndi kapuchi. Kusiyana kwake kuli pa zinthu zing'onozing'ono: chizindikiro chonga chilembo Y chozondoka pamutu, ndi timadontho tinayi takuda tokhala ngati ngodya za bokosi chakumchira. Mlangizi mmodzi amayang'anira mabanja ambirimbiri ndipo sangafike m'munda uliwonse. Koma chithunzi chooneka bwino cha mbozi, cha tsamba lobooka, kapena cha mtedza wopinimbira ndi kadukutu, chimamufika pa WhatsApp m'kamphindi. Chithunzi chojambulidwa patali, chogwedera, sichimuthandiza kanthu. Luso lojambula duwa ndi lomwelo lojambula matenda.

Yankho lachiwiri ndi la mawa. Tonse timati nyengo yasintha, mvula siikubweranso monga kale. Koma wina akatifunsa kuti yasintha ndi masiku angati, ndipo mitengo yayankha bwanji, timangoti agogo amatero. Ku Kyoto, m'dziko la Japan, anthu akhala akulemba tsiku limene mitengo ina yakwawo imachita maluwa kwa zaka zoposa 1,000. Ankalemba chifukwa cha zikondwerero, osati kafukufuku. Lero zolembazo ndi umboni wamphamvu woti maluwawo akutuluka msanga kuposa kale chifukwa kukutentha. Kwathu kuno ntchito yosunga mbiri ya zomera ilipo ndithu. Jessie Williamson anatulutsa buku la Useful Plants of Nyasaland mu 1955, limene linadzakonzedwanso mu 1975 n'kutchedwa Useful Plants of Malawi. Ku Zomba kuli National Herbarium and Botanic Gardens komwe amasunga zomera zouma, ndipo ku Chitedze kuli nkhokwe ya mbewu zamakolo. Ntchito zimenezi ndi zamtengo wapatali. Koma tsamba louma la m'kabati silingakuuzeni sabata imene msuku wa kuseri kwa sukulu ya kwanu unachita maluwa chaka chino, chaka chatha ndi dzana lake. Zimenezo angalembe ndi munthu wokhala pomwepo, ndipo foni imadinda yokha tsiku ndi ola pa chithunzi chilichonse.

Palinso nkhani ya mayina. Pali mapulogalamu a pafoni, monga iNaturalist, amene ukawapatsa chithunzi amakuthandiza kupeza dzina la chomera. Ndimawagwiritsa ntchito, ndipo ndi othandiza. Koma pulogalamu ikandiuza kuti ichi ndi Bidens pilosa, yandipatsa dzina la m'kalasi basi. Agogo akandiuza kuti ndi chisoso, amawonjezera kuti uthyole nsonga zanthete chisanachite maluwa, ndi momwe ungachiphikire kuti chisawawe. Dzina la Chichewa limabwera ndi malangizo ake. Likafa, malangizowo amapita nalo limodzi. N'chifukwa chake chithunzi chilichonse chimene ndasunga ndimachilembera zinthu zinayi: tsiku, dera, dzina lakwathu, ndi zomwe wamkulu amene anandiuza dzinalo ananena. Madzulo ambiri ndimakhala pamphasa ndi agogo tikudutsa zithunzi chimodzichimodzi. Maso awo afooka, kutchire sapitanso, koma chithunzi chokulitsidwa amachiona. "Bwezera chija, mdzukulu," amatero, kenako n'kuyamba nkhani ya kumene mtengowo unali wochuluka iwo ali mtsikana. Ndaona kuti chithunzi chimatsegula pakamwa pa okalamba kuposa funso.

Ntchitoyi ili ndi malire ake, ndipo wophunzira wobwera ndi kamera ayenera kuwadziwa. M'midzi yambiri ya kumadzulo kwa Lilongwe, mukaona kankhalango ka mitengo yachilengedwe pakati pa minda, dziwani kuti ndi manda. Mitengo imeneyo yatsala chifukwa mwambo unaiteteza pamene nkhwangwa inamaliza ina yonse. Koma kumanda sikolowa mwachisawawa, ndipo kwathu kuno ndi malo okhudzananso ndi Gule Wamkulu. Ine ndimajambula nthambi zimene zatulukira kunjira, ndipo sindidutsa pamenepo. M'munda wa munthu ndimayamba ndaodira n'kufotokoza chimene ndikufuna, chifukwa masiku ano mlendo woloza foni pansi anthu amamuganizira kuti akuyeza malo. Ndikatha ndimawaonetsa eni munda zomwe ndajambula. Ndipo mtengo wamankhwala wosowa, kapena dambo lomwe kumamera chinaka, sindilengeza pa Facebook malo ake enieni. Chithunzi chimene ndinajambula kuti ndisunge chinthu chisasanduke mapu a wokachikumba n'kuchimaliza.

Za zipangizo musade nkhawa. Karl Blossfeldt wa ku Germany, amene buku lake la zithunzi zoyandikira za zomera linatuluka mu 1928 ndipo likutchukabe, ankagwiritsa ntchito kamera yopanga yekha. Foni ya m'thumba mwanu ikukwanira kuyambira. Jambulani m'mawa dzuwa lisanakwere, mphepo isanayambe, kapena kukachita mitambo, popeza dzuwa la masana limawalitsa masamba mopitirira. Pukutani galasi, makamaka mu Okutobala. Tsamizani chigongono pa bondo kuti dzanja lisanjenjemere. Ikani kamtengo ka machesi pambali kuti woona adziwe kukula kwa chinthucho. Musajambule duwa lokha, tenganinso tsamba, khungwa, chipatso ndi chomera chonse, chifukwa wokuthandizani kuchizindikira adzazifuna zonsezo. Kwinako ndi kudikira basi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sindikudziwa mwambi wina wofotokoza bwino ntchito imeneyi.

Pempho langa kwa ophunzira anzanga, makamaka ochokera ku Namitete, Nsaru, Mpingu, Nambuma ndi kwathu ku Kabudula, ndi laling'ono. Sankhani mtengo umodzi wachilengedwe kumudzi kwanu, kaya ndi mkuyu, mpoza, chitimbe kapena msuku. Ujambuleni moyandikira kamodzi pamwezi kwa chaka chathunthu. Mukakhala kusukulu, mng'ono wanu kapena mlongo wanu akujambulireni. Funsani munthu wamkulu dzina lake ndi ntchito yake, mulembe. Tikakhala anthu makumi asanu, pakutha pa chaka tidzakhala ndi mbiri ya mitengo makumi asanu, ndipo tikalimbikira zaka khumi tidzakhala ndi chinthu chimene ngakhale akatswiri adzabwera kudzatipempha.

Timakonda kudandaula kuti za kwathu amalemba ndi alendo, ndipo mayina athu amawalemba mokhota. Dandaulo limeneli lili ndi mfundo. Koma pa nkhani iyi palibe amene watitsekera khomo. Mitengo ili kuseri kwa nyumba, agogo akadali moyo, ndipo mombo ukhala ukufiira Sepitembala akubwerayu, kaya pakhala woujambula kaya ayi.